Sitima ya ku Algeciras Imene Sindinakwere

Yamikani ndi Thoko, ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito imene ndagwira pamoyo wanga, kuti adzukulu anga aja, ofunsidwa m'Chichewa n'kuyankha m'Chingerezi, adzakhale ndi powerenga akadzakula. Chabwino, ndalemba. Za ubwana wanga ndazisiya, mumazidziwa kale ndipo zilibe mchere. M'chigawo chino muli nkhani ya sitima ya ku Spain ija, imene mumagwa nayo ndi phwete wina akangoitchula. Sekani, koma muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa theka lake simulidziwa.

1981 mpaka 2003: Ntcheu, kenako Zomba

Unamwino ndinauyambira pa kachipatala ka mishoni kumapiri a ku Ntcheu, kufupi ndi malire. Ndinafika pa lole ya mbatata, ndili ndi sutikesi ya malata ndi mayunifolomu awiri amene ndinkasita ndi ayironi ya makala. Bwana wathu anali sisitala wamkulu, mayi Nachisale, munthu wamfupi koma mawu ake ankamveka mpaka kuchigayo. Zinthu zinkasowa zedi. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe, masingano tinkawiritsa m'poto pambaula, ndipo palafini akatha firiji ya katemera inkazima ife tikuyang'ana. Koma chimene ndikufuna mugwire pano ndi ichi. Tikapita kumidzi kukachititsa sikelo ya ana, anthu ankatipatsa nkhuku, mtedza, nthochi. Mayi Nachisale ankati namwino wolandira chinthu atangomupatsa ndi wadyera, ndipo wachititsa manyazi amene anamulera. Umayamba wakana. Akakukakamiza ukanenso pang'ono, mutu uli pansi. Mwini wake akachiika yekha m'dengu mwako, pamenepo ndiye uwombe m'manja n'kuthokoza. Kwathu nakonso ndinaleredwa chomwecho, moti sindinaonepo chachilendo. Tonse tinkadziwa kuti munthu amene akufunadi kukupatsa sakufunsa kamodzi.

Ku Zomba ndinapita mu 1987 nditakwatiwa ndi bambo anu. Za zaka zimenezo musandifunse zambiri. Odwala ankagona mpaka pansi pa mabedi, anzathu ogwira nawo ntchito tinkawaika m'manda mmodzimmodzi, ndipo bambo anu nawonso anatisiya mu 2001. Mnzanga wina amene anatsogola kale ku Mangalande atandiuza kuti kuno akufuna anthu osamalira okalamba, ndinakusiyani kwa azakhali anu ku Chinamwali n'kukwera ndege, ndikulira njira yonse.

2004 mpaka 2009: Peckham

Kuno mapepala anga a unamwino anawayang'ana ngati risiti ya kuchigayo. Anati ndiyambirenso sukulu, ine mutu utayamba kale imvi, ana awiri akudikira fizi kumudzi. Ndinangolowa ntchito ya ukeya, yosamalira okalamba ija, basi. Ejensi, kampani imene inandilemba, inkandituma kulikonse kumene kwaperewera munthu, lero Lewisham, mawa Croydon, mabasi awiri kapena atatu, mvula ili m'khosi. Ndinkagona m'kachipinda ku Peckham, pamwamba pa shopu ya nsomba zouma ya bambo wina wa ku Ghana, moti ngakhale yunifolomu yochapa kumene inkanunkha nsomba. Kuzizira ndinazolowera, kusesa masanzi ndi kusintha matewera a akuluakulu sikunandivute, ndi ntchito yanga kuyambira kale. Chinandivuta ndi kutchula nkhalamba dzina lake lenileni ngati kamwana. Manijala wina anandidzudzula pamaso pa anthu chifukwa ndinkati mama kwa gogo wina, ati dzina lake ndi Betty. Pakamwa panga sipanalole mpaka lero. Ndinkangoika "a" patsogolo pa dzina, azungu n'kumayesa kuti ndine wachibwibwi.

Inu mutabwera mu 2008 tinapeza fulati ija ya ku Woolwich, ndipo chaka chotsatira ndinalembedwa ntchito yokhazikika m'nyumba ina yosamalira okalamba ku Romford. Kumeneko ndi kumene ndinagwira mpaka kupuma.

2010 mpaka 2015: Romford, chipinda cha a Doreen

A Doreen anabwera kwathuko amuna awo, a Ron, atangomwalira. Anali ndi matenda oiwalaiwala, koma ukali sanauiwale. Mwana wawo anali mmodzi yekha, a Karen, mayi wa msinkhu wanga, amene ankabwera Lamlungu lililonse ndi maluwa. Kudya ankadya, mankhwala ankamwa, koma kusamba ndiye kunali nkhondo. Anakwapula anzanga awiri ndi ndodo, wachitatu anamuluma padzanja. Manijala wathu, a Pauline, mayi wa ku Ireland wosuta fodya ngati uvuni ya njerwa, anati ndiyeseko ine. Masiku amenewo tinali operewera kwambiri, munthu mmodzi khonde lonse, ndipo aliyense ankasambitsa nkhalamba mothamanga. Ine ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinazindikira kuti a Doreen saopa madzi, amaopa kuzizira ndi kuvulidwa mwaphuma ndi munthu wosamudziwa. Ndinkayamba ndayanika mathaulo pa hita kuti afunde, kenako n'kuwasambitsa mapazi okha, ndikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Mawa lake mpaka m'mawondo. Patapita milungu anayamba kutambasula okha mikono kuti ndiwavule malaya.

Dzina langa lakuti Esnart linawakanika, ankati Essie. Anaiwala dzina la mdzukulu wawo, nthawi zina ankayesa kuti a Karen ndi mchemwali wawo amene anamwalira kalekale, koma Essie sankamuiwala. Ndikapita kutchuthi ankakana kusamba mpaka ndibwere. Ndisaname, zimenezi zinkandikoma. Munthu amene mapepala ake akudyedwa ndi njenjete m'diroo, kupeza kuti pali chinthu chimodzi chimene palibe wina angachite m'nyumba yonse, ndinkayenda m'khonde muja mapewa ali m'mwamba. Ku Mangalande kuno ndinalibe munda, ndinalibe udindo, ndinali ndi a Doreen.

M'bafa momwemo ndi mmene ndinamvera za sitima. A Doreen ali mtsikana, amuna awo ankagwira ntchito padoko ku Gibraltar, ndipo akapeza tchuthi ankapita ku Algeciras, mzinda wa kummwera kwa Spain, n'kukwera sitima yowolokera ku Tangier, ku Morocco. Nkhaniyi ankaikamba tsiku ndi tsiku ngati yatsopano. Ankanena za amuna okanganirana masutikesi padoko, za fungo la malalanje losakanikirana ndi la utsi, za a Ron akusanzira m'chipewa chawo mphepo ya kum'mawa ikawomba, ndi za mapiri a Africa akutuluka m'nkhungu pang'onopang'ono. Akafika pamenepo ankandigwira dzanja n'kunena kuti ku Africa kwanuko ndinafikako ine, Essie, tsiku lina tidzapita tonse. Ine ndinkavomera kuti inde tidzapita, ndikuwapukuta msana. Sindinawauze kuti kuchokera ku Tangier kukafika ku Ntcheu n'kutali kuposa kuchokera ku Romford kukafika ku Tangier. Sitima imeneyo ndinafika poidziwa ngati ndinabadwiramo.

2016: Misozi

Misozi anabwera kumayambiriro kwa chaka. Anali mayi wachitsikana wa ku Zambia, kwawo ku Chipata koma wokulira ku Lusaka, wamtali, woseka mokweza, nsidze zojambula ndi pensulo. Ntchito ndinamuphunzitsa ndine. Kutchalitchi kwathu ndinamutengera ndine, ndipo iwe Yamikani ukukumbukira mmene ankamalizira nyemba zathu Lamlungu masana. Sindinkamuda ngakhale pang'ono, ndinkamutenga ngati mng'ono wanga.

Lamlungu lina a Karen anandipeza ndikupinda zovala m'chipinda cha amayi awo. Anatseka chitseko n'kundiuza kuti adokotala avomera, banja lakonza zoti a Doreen akakwere sitima ija komaliza maso asanatheretu. Ndege, hotela, chakudya, zonse alipira okha, koma akufuna wosamalira mmodzi woti apite nawo.

"Essie, tinayamba taganiza za inu. Mungapite nafe?"

Pasipoti ya kuno ndinali nayo kale, inkangotuluka m'diroo kukakhala maliro ku Malawi. Koma amene anayankha sanali Essie wa ku Romford, anali mwana wa ku Ntcheu wophunzitsidwa ndi mayi Nachisale. Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Aa, musadzivutitse ndi ine, a Karen. Ndine ndani ine? Ulendo wodula chonchi, ayi, zikomo kwambiri."

Ndinadikira kuti andikakamize. A Karen anandiyang'ana ndi nkhope yachisoni, anandisisita phewa, n'kunena kuti akumvetsa, ndili ndi banja langa, sakufuna kundipanikiza. Atatero anatuluka. Ine mumtima ndinati kumeneko n'kufunsa koyamba, Lamlungu likubwerali afunsanso. Ndinali wotsimikiza moti Lolemba nditaweruka ndinadzera pamsika wa ku Woolwich kukagula nsapato zopepuka ndi chipewa cha dzuwa, chija iwe Thoko unkati ndikuoneka nacho ngati wogulitsa ayisikilimu.

Lachitatu Misozi anandithamangira m'chipinda chosinthira zovala n'kundikumbatira.

"Amai Kamwendo, anifunsa ine! Ati imwe mwakana. Manje nizayenda ku Spain, zoona Mulungu ni wamkulu."

Ndinamufunsa kuti iye anayankha bwanji. Anati anavomera a Karen asanamalize n'kulankhula komwe. Ha! Mwana wa ku Chipata, Mchewa mnzanga, woti agogo ake ndi agogo anga amakana chakudya mofanana. Apa ndi pamene panandiwawa kwambiri. Mzungu sadziwa, ndimukhululukire. Koma Misozi akanatha kunena kuti a Karen, mayi aja sanakane, kawafunseninso. Mwina Lusaka inamuiwalitsa, kaya. Ine ndinangoti zikomo, ukayende bwino, mano ali pamtunda.

Madzulo ake, Yamikani, unandiseka mpaka kukhala pansi m'khitchini. Unati, "Mum, kuno no ndi no. Just ring her." Mawa lake kuntchito a Pauline nawonso ataona nkhope yanga ili ndwii anandiitanira panja pamene ankasutira, n'kundiuza kuti ndingowauza a Karen kuti ndasintha maganizo, matikiti sanagulidwe. Koma ine ndikadzipemphere ndekha ulendo umene ndaukana ndi pakamwa panga, n'kulanda mwana chinthu chili kale m'manja? Anthu kutchalitchi akanati chiyani? Ndinaona kuti bola ndife nayo nsanje yanga. Akuluakulu sananame, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Sutikesi ya a Doreen ndinalongedza ndine. Ndinamulangiza Misozi za mathaulo ofunda, za kuyambira kumapazi, ngakhale nyimbo imene ndinkang'ung'udza ndinamuphunzitsa. Tsiku lonyamuka ndinakankha chikuku chawo mpaka pagalimoto, n'kuima pageti ndikubayibitsa ngati chitsiru.

Sabata imeneyo foni yanga inandizunza. Misozi ankatumiza zithunzi ku gulu la ogwira ntchito, m'mawa, masana, madzulo, ndipo anzanga ankangoyankha ndi timitima. Ine foni ndinkaigoneka chafufumimba patebulo, osapita nthawi ndaitolanso. Tsiku lopuma ndinachita chinthu chimene sindinakuuzenipo. Ndinatsikira kumtsinje n'kukwera pantoni ya pa Woolwich, ija yowolotsa malole pa Thames. Ndinati nanenso ndimve mphepo ya pamadzi. Madzi ake abii ngati a m'dambo la njerwa, nthochi imene ndinayamba kusenda ndisanaimalize tinali tafika kale, ndipo tsidya linalo kunali mafulati ndi siteji ya basi. Ndinabwerera pa pantoni yomweyo.

Atabwerako, Misozi nkhani ya ulendo ankaikamba pa tiyi aliyense, ndipo ine, m'malo motuluka, ndinkakhala pakona kumvetsera liwu lililonse ngati munthu wokanda chilonda. Anati kuchokera pabwalo la ndege ku Malaga anayenda pagalimoto m'mbali mwa nyanja mpaka ku Algeciras. Doko lake ndi lalikulu ngati tauni, ndipo kunali mizere ya magalimoto a mabanja a ku Morocco ochokera ku France ndi ku Belgium akupita kwawo kutchuthi, padenga atamangirira matiresi, njinga, mafiriji, ngati basi ya ku Chipata pa Khirisimasi. Sitima yothamanga anaiimitsa chifukwa cha mphepo, ndiye anadikira yaikulu yoyenda pang'onopang'ono. Anyamata a m'sitimamo anakweza chikuku pa lifiti kuchokera kumene kumaima magalimoto. M'kati munali mzere wina wodinditsa mapasipoti kwa wapolisi wa ku Morocco amene anakhala pa katebulo, ana akuthamangathamanga, azibambo ena atayala timikeka pakona akupemphera. Atadinditsa anakwera pamwamba, panja, thanthwe la Gibraltar lili kumanzere, zinsomba zotchedwa madolofini zikulumpha m'mbali mwa sitima.

Pamenepo, ati, a Doreen, amene anali atasiya kalekale kuima okha, anagwira chitsulo cha m'mphepete n'kudzuka. Mphepo inali yamphamvu, ndiye Misozi anamasula chitenje chake n'kudzikulunga nacho pamodzi ndi iwo, atawagwira m'chiuno. Mutu wawo unayera ngati kumwamba mvula itakata. Anatchula a Karen dzina lawo lenileni, anakumbukira kuti a Ron anamwalira, ndipo mapiri a Africa atayamba kuoneka analoza ndi chala, n'kutembenukira kwa Misozi.

"Ndinakulonjeza kuti tidzapita tonse. Taona, ndakufikitsa kwanu."

Misozi ankanena zimenezi misozi ili m'maso, anzanga onse akuti aa, zokoma bwanji. Iye sankadziwa kuti lonjezo limenelo linali la ndani. Ine ndinkadziwa, chifukwa ndinalilandira m'bafa zaka zonse zija, manja ali ndi sopo. Ndinadzuka n'kukadzitsekera kochapira zovala mpaka makina anamaliza.

Matenda oiwalaiwala ali ndi nkhanza zake. Munthu woiwala kuti wadya kale, ulendo umenewo sanauiwale. Anabwera nawo ku Romford n'kuusunga, ndipo pamodzi ndi ulendowo anasunga Misozi. Ankamutcha mtsikana wanga wa pasitima. A Karen anapachika chithunzi pakhoma moyang'anizana ndi bedi, awiriwo ali m'chitenje chimodzi, tsitsi lili m'mwamba. Dzina la Essie linayamba kuzilala. Poyamba ankalitchula mwa apo ndi apo, kenako ankandiyang'ana nthawi yaitali asanalipeze. M'mawa wina ndinalowa ndi mathaulo ofunda monga mwa masiku onse, iwo anakokera bulangete mpaka kukhosi n'kunena mwaulemu kuti sakundidziwa, ndiwaitanire mtsikana wawo. Ndinaima pamenepo mpaka mathaulo anazizirira m'manja. A Pauline anamupatsa Misozi chipindacho, ine ananditumiza ku khonde la pamwamba.

Nsanje imene ndinali nayo, ana anga, sindinakhalepo nayo ngakhale pa bambo anu, amene ankapatsa moni akazi onse a ku Zomba. Ndinkatsika ngati ndikufuna sopo, kungoti ndione mmene Misozi akuwasambitsira. Pakati pa zala zakumapazi sankapukuta bwino, ndipo ndinkamuuza, mwina mokweza kuposa mmene zinkafunikira. Kutchalitchi ndinasamukira benchi ina. Ndinapemphera kuti Mulungu andichotsere chinthu chimenechi, ndinasala kudya kumene, koma chinangokhala phee pamalo pake.

2018 mpaka 2019: Kubwerera pansi

Mu 2018 Misozi anapeza malo pachipatala chachikulu cha ku Romford, kumene ankagwira ntchito kwinaku akuphunzira unamwino, sukulu yomwe ija ine ndinalephera kuyambiranso. Keke yotsanzikana naye ndinagula ndine, ndipo sindinagulepo keke ndi mtima wosangalala chotero. Chipinda cha a Doreen chinabwerera kwa ine. Kusamba anavomeranso, chifukwa manja anga thupi lawo linkawadziwa, koma ankandithokoza ngati mlendo wachifundo. Maso anali atatsala pang'ono kutheratu. Tsiku lililonse ankafunsa kuti mtsikana wawo wa pasitima ali kuti, ine n'kumayankha kuti ali kuntchito. Ndinkadziuza kuti amuiwala, monga anandiiwalira ine. Sanamuiwale.

Mu Januwale 2019 anadwala chifuwa, ndipo atachira anasiya kudya ndi kumwa. Supuni ikafika pakamwa ankaluma mano n'kutembenuza mutu. Milomo inauma, mawu anachepa, koma funso linali lomwe lija. A Karen ankakhala pampando tsiku lonse maso ali psuu. Anayesa kuimbira Misozi koma nambala inali itasintha, ndipo kuofesi analibe yatsopano. Ine ndinali nayo, chifukwa tinali m'gulu limodzi la amayi a kutchalitchi. Palibe amene anandifunsa, inenso sindinanene.

A Pauline ndi amene anabwera ndi nzeru ina. Anati a Doreen saona, mawu athu kwa iwo ndi ofanana, ndingovomera kuti ndine Misozi, mwina amwa kanthu. Musadabwe, pantchito yathu zimenezi timachita. Nkhalamba ikamalirira amayi ake amene anamwalira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, sitiiuza kuti anafa, timati apita kumsika. Ine ndemwe ndanenapo mabodza otere osawerengeka, ndipo ndikukhulupirira kuti Mulungu sawalemba.

Masana amenewo ndinalowa n'kukhala pambali pa bedi. A Karen anali atapita kukaimba foni panja. A Doreen anapapasa pabulangete mpaka anapeza dzanja langa.

"Ndiwe kodi, mtsikana wanga wa pasitima?"

Ndikanangoti inde. Ulendowo ndinkaudziwa kuposa Misozi amene, wakale wa a Ron ndi watsopano womwe. Ndikanawauza za matiresi padenga la magalimoto, za wapolisi wa pakatebulo, za chitenje, ndipo akanandigwira mmene ankandigwirira kale. Ndinkachifuna chimenecho ngati madzi. Koma musandiyese woyera mtima, sikuti ndinaopa bodza. Chimene chinandikanika ndi kukondedwa m'dzina la Misozi. Zaka zonse zija za mathaulo ofunda, n'kudzamaliza ndikubwereka dzina la mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira sopo?

"Ndine Essie, a Doreen," ndinatero.

Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kutembenukira kukhoma. Ndinayang'ana msana umene ndinaupukuta kwa zaka pafupifupi khumi, mafupa okhaokha tsopano, ndipo ndinadziwa kuti ndikapitiriza kuuma mtima, mayi ameneyu afa ndi ludzu akuitana munthu amene nambala yake ili m'thumba mwanga. Ndinatuluka m'khonde, ndinaima pafupi ndi kabati ya mabulangete, n'kuimba. Misozi sanafunse zambiri. Anangoti, "Nibwela manje manje, amai."

Anafika kusanade, ali m'yunifolomu ya kuchipatala, mvula itamunyowetsa mapewa. Atangolankhula pakhomo ndi mawu ake okweza aja, a Doreen anatembenuka okha, nkhope yonse inamasuka. Misozi anakhala pabedi, anawakumbatira, n'kuyamba kuwakumbutsa za mphepo, za thanthwe lija, za madolofini. A Karen anali atabwerera, ankalira n'kumathokoza Misozi mobwerezabwereza kuti wabwera. Ine ndinaima pachitseko. Patapita kanthawi a Doreen anatukula mutu, anaona chithunzithunzi changa, n'kumufunsa Misozi monong'ona, koma ndinamva.

"Kodi mayi waima apoyo ndani? Muuze atipangire tiyi."

Ndinapita kukhitchini. Tiyi wa a Doreen ndinkamudziwa ndine ndekha: mkaka uyambe kulowa m'kapu, shuga wa kunsonga ya supuni, ufa wolimbitsira zakumwa pang'ono kuti asatsamwe, kenako kumuuzira mpaka afike pofunda ngati mkaka wa mwana. Ndinabwera naye n'kumupatsa Misozi m'manja. Iye anatunga ndi supuni, a Doreen anatsegula pakamwa n'kumeza. Anamezanso, mpaka kapu inafika pakati. Kenako ananyambita milomo, anasisita tsaya la Misozi n'kunena kuti, "Iwe wekha ndiye umadziwa kupanga tiyi wanga."

Misozi anatembenukira kwa ine pakamwa patatseguka kale kuti akonze. Ndinapukusa mutu. Ndinatenga kapu m'manja mwake n'kutuluka.

A Doreen anakhalanso ndi moyo mpaka kumapeto kwa mwezi umenewo, akumwa pang'onopang'ono Misozi akabwera, ndipo anamwalira ali m'tulo. Ine ndinagwirabe ntchito pamalopo mpaka ndinapuma mu 2023. Misozi ndi namwino tsopano, timapatsana moni kutchalitchi, ndipo amandipatsa ulemu wonse. Amene anamva nkhaniyi amati ndinachita bwino kuimba foni ija. Kaya. Chimene ndikukumbukira ine n'chakuti madzulo amenewo ndinaima pasinki ndikutsuka kapu imodzi yomweyo, madzi akungotayika, ndipo kuchipinda kuja ndinkawamva akuseka.